Ndowa ya Phulusa pa Kapu ya Nyemba

Mukatsika phiri la Musafunse n'kuwoloka mtsinje wa Tangovomerani, mwafika m'dziko la Ndanenandine. Anthu ake ndi ansangala. Moni wawo ndi wautali, ndipo akamaseka amayamba ayang'ana kumbuyo.

Mfumu ya dzikolo, Chiyambakale Wachitatu, sinali mfumu yankhanza ayi. Inali yonenepa bwino, yoseka ndi mimba yonse, yokonda nyimbo za kwaya ndi nyemba zothira tomato wambiri. Chilema chake chinali chimodzi: sinkapirira kumva kuti nzeru yabwino yatuluka m'mutu mwa munthu wina. Choncho m'dziko la Ndanenandine nzeru zonse zinkabwera kudzera m'maloto a mfumu. Kuwiritsa madzi akumwa, mfumu inalota. Kubzala mitengo m'mbali mwa mtsinje, mfumu inalota. Ngakhale mlatho wa pa Tangovomerani mfumu inaulota, patatha sabata ziwiri amisiri atamaliza kuumanga.

Tsoka lake, mfumuyo inkagona tulo tofa nato, topanda loto ngakhale la mbuzi. Panafunika munthu woilotera, ndipo munthuyo anali Sitifano Gwedeza, Mlembi Wamkulu wa Maloto a Mfumu.

Gwedeza anali bambo wochepa thupi, wa magalasi omangidwa ndi ulusi mbali imodzi. Kale anali mphunzitsi wa sitandade sikisi. Ntchito yake yatsopanoyi sinali yotulutsa thukuta. Lolemba lililonse m'mawa ankatsegula kompyuta, n'kulowa patsamba la pa intaneti la Nyumba ya Kafukufuku ya Fufuzani, pamene akatswiri a dzikolo ankaika zonse zimene apeza pa nkhani za nthaka, mbewu, madzi ndi matenda. Ankasankhapo nkhani yokoma, n'kuikopera, n'kudula timizere ta m'munsi tokhala ndi mayina, kenako pamwamba n'kulembapo kuti, "Anthu anga, usiku wathawu ndinalota." Pofika nthawi ya tiyi loto linkakhala litapsa. Anagwira ntchitoyi zaka zisanu ndi zitatu, ndipo chikumbumtima chake chinazolowera ngati mmene phazi limazolowerera nsapato yothina.

Lolemba lina, nyengo yokolola itayandikira, Gwedeza anapeza chinthu chachilendo pamwamba pa tsambalo. Linali bokosi lachikasu, ndipo m'kati mwake munali malamulo a kagwiritsidwe ntchito ka zolembedwa za patsambalo. Anawalemba anali mkulu wa nyumbayo, Dokotala Maligerita Nsanjama.

Sanali malamulo oopsa. Ankati zonse za patsambali tengani mwaulere, koperani, sindikizani, werengerani anthu pawailesi ngakhale kutchalitchi, palibe chopempha. Koma potenga tchulani amene anachita kafukufukuyo, mutu wa nkhaniyo ndi adiresi ya tsamba, kuti wofuna kutsimikiza adzadzionere yekha. Manambala musasinthe. Ngati mwasinthako mawu, nenani poyera kuti mwasintha, kuti cholakwa chanu chisavale dzina la wina. Pomaliza panali kamzere kaulemu: "Zikomo potithandiza kufalitsa nzeru."

Gwedeza anawerenga kawiri. Anavula magalasi, n'kuwapukuta, n'kuwerenganso kachitatu. Anamva ngati bokosilo likumuyang'ana iyeyo. Kenako anakumbukira kuti Lachisanu ndi Tsiku la Zokolola, ndipo mfumu sinalote kanthu. Anatseka bokosilo, n'kupeza nkhani yabwino yonena za kuteteza nyemba kwa anankafumbwe: kapu imodzi ya phulusa losefa bwino pa ndowa imodzi ya nyemba zouma. Anaikopera, n'kudula za m'munsi osaziwerenga, monga mwa masiku onse.

Lachitatu anakawerengera mfumu loto lake m'chipinda chobiriwira, mmene mfumu inkayeserera zolankhula. Pambali pake panakhala a Mtamandeni, Nduna Yoona za Kuomba M'manja, bambo amene zikhatho zawo zinali zitachita zikang'a chifukwa cha ntchito.

Gwedeza atafika pa manambala, mfumu inakweza dzanja.

"Wati chiyani? Kapu?"

"Kapu imodzi ya phulusa, Mwinidziko."

"Ine Chiyambakale, mwini mapiri ndi zigwa, ndigone usiku wonse n'kulota kapu? Kapu yomwera tiyi?"

A Mtamandeni anadzuka msangamsanga. "Mwinidziko, mlembiyu makutu ake akalamba. Kapu amalota ndi anthu wamba. Inu munalota ndowa."

"Ndiye nyembazo?"

"Nyembazo ndiye kapu, Mwinidziko. Ndowa ya phulusa pa kapu ya nyemba. Palibe mfumu ina pansi pano inapatsako anthu ake phulusa lochuluka chotere."

Gwedeza anayang'ananso pepala lake. "Pepani Mwinidziko, koma m'malotomo mukuoneka kuti..."

"Analota ndiwe kapena ndine?"

"Ndinu, Mwinidziko."

"Ndiye lemba."

Gwedeza analemba.

Lachisanu mfumu inalankhula kwa maola awiri, a Mtamandeni anatsogolera kuomba m'manja kwa ola lina, ndipo lotolo linasanduka lamulo. Nyemba zonse za m'dziko, zodya ndi zambewu zomwe, zisungidwe m'phulusa malinga ndi muyezo wa mfumu. Anakhazikitsa gulu la Alonda a Phulusa, ovala yunifolomu yotuwa, oyenda ndi ndowa ndi kapu.

Pamsika wa Zamveka zinthu zinasintha sabata yomweyo. Mkazi wa Gwedeza, Felista, anali ndi benchi ya nyemba pamsikapo, ndipo anali mayi wosabisa mawu. Makasitomala ake anayamba kubwera ndi sefa. Munthu ankagula mulu wa phulusa, n'kukhala pansi pa mtengo n'kumasefa, ndipo akapeza nyemba ankaitana anzake kuti adzaone.

"Koma lamuloli likugwira ntchito," anatero a Jekapu, telala wa khonde loyang'anizana ndi benchi ya Felista. "Dzulo ndinapeza nankafumbwe atafa m'thumba langa."

"Wafa ndi phulusa?"

"Ayi, wafa ndi njala. Anayenda masiku atatu kufunafuna nyemba."

Anthu anaseka, atayamba ayang'ana kumbuyo. Koma pansi pa kusekako panali nkhawa. Phulusa la m'mbaula linatha. La m'mauvuni a njerwa linatha. Anthu anayamba kuotcha matabwa akale, mipando yothyoka, kenako nkhwangwa zinayamba kulira m'mitengo ya mango. Amene analibe phulusa lokwanira, alonda ankawatsekera nyemba zawo m'nyumba ya boma, zambewu zomwe, chikhalirecho mvula sinali kutali. Tsiku lina anatenga matumba asanu a Felista.

Madzulo ake Gwedeza anapeza mkazi wake atakhala pakhonde, nsidze zili mbuu.

"Bambo a Lute," anatero Felista, "ntchito yanu sindiilowerera. Mumatidyetsa ndi maloto, ndipo sindinadandaulepo. Koma ili lokha ndiuzeni. Analota ndi munthu wogona pabedi, kapena wogona m'ngalande atamwa kachasu?"

"Mayi a Lute, tsitsani mawu."

"Ndatsitsa kale matumba asanu. Mawu okha ndisiyireni."

Gwedeza anangolowa m'nyumba.

Mwina zinthu zikanapitirira choncho mpaka mtengo wa mango womaliza, pakanapanda wophika wa kunyumba yachifumu, amene anali munthu womvera malamulo. Nayenso anasunga nyemba za mfumu m'phulusa la matabwa akale. Anasefa, anapeta, anatsuka, koma kamsomali kamodzi kanazemba. Mfumu inakaluma ndi dzino la kutsogolo, lomwe lija limaoneka pa zithunzi zonse za m'maofesi.

Bwalo la nduna linaitanidwa tsiku lomwelo. Mfumu inakhala pampando itagwira mpango pakamwa, ndipo mawu ake ankatuluka ndi kamluzu.

"Ndikufuna munthu," inatero. "Za phulusazi wayambitsa ndani?"

Aliyense ankadziwa amene analota, koma panalibe wofuna kukumbukira. A Mtamandeni anayang'ana kudenga, kenako maso awo anatera pa Gwedeza.

"Mwinidziko, maloto anu amadutsa m'manja mwa mlembiyu. Atiuze kumene analitola limeneli."

Gwedeza anaimirira. Anaganiza zonama, koma bodza labwino limafuna nthawi, ndipo nthawi panalibe. Anangonena zoona: za Lolemba lililonse, za tsamba la Fufuzani, za nkhani ya nyemba yolembedwa ndi Dokotala Nsanjama. Ankayembekeza kuti denga ligwa. M'malo mwake nkhope za nduna zonse zinawala.

"Apo!" anafuula a Mtamandeni. "Ndinkadziwa ine. Mfumu yathu singalote zothyola mano. Ndi mayi ameneyu!"

Anatumiza galimoto, ndipo dzuwa lisanapendeke Dokotala Nsanjama anali ataima pakati pa bwalo. Anali mayi wamfupi wa imvi, atavala nsapato za kumunda zamatope, chifukwa anamupeza akuyeza nthaka. Anagwada mwaulemu, n'kuomba m'manja katatu.

A Mtamandeni anawerenga mlandu: kusocheretsa dziko, kutha mitengo ya mango, ndi kuthyola dzino lachifumu. Chilango chake chinali kutseka tsamba la Fufuzani ndi kuthamangitsira mayiyo ku chilumba cha Kuiwalika.

"Mwinidziko," anatero Dokotala Nsanjama modekha, "ine ndadabwa. Tsiku la Zokolola ndinkamvera wailesi yanga, ndipo ndinamva ndi makutu angawa inu mukunena kuti munalota. Ine ndine yani kuti ndilande loto la mfumu? Umenewo ndiye ungakhale mlandu woukira."

Nduna zinayang'anana.

"Koma nzeruyo ndi yanu!" anatero a Mtamandeni.

"Ngati ndi yanga, bwana nduna, dziko silikudziwa. Dziko likudziwa kuti ndi ya Mwinidziko."

Apa anakhosomola a Tionabwino, Woweruza Wamkulu, nkhalamba imene anthu ankaiyesa yogontha chifukwa inkamva zokhazo zimene ikufuna. Anatsegula buku lalikulu la malamulo, n'kunyambita chala.

"Gawo lachitatu likuti loto la mfumu sililakwa, ndipo palibe munthu angazengedwe mlandu chifukwa cha loto la mfumu. Ngati ili ndi loto, mayiyu apite kwawo, ndipo dzinolo linathyoka molondola. Ngati si loto, mayiyu tingamuzenge, koma poyamba dziko liuzidwe kuti nzeruyi ndi yake. Mapanga awiri avumbwitsa, Mwinidziko. Sankhani limodzi."

Bwalo linakambirana masiku atatu. Nduna Yoona za Misewu Yolonjezedwa inati anene kuti mayiyo analowa m'maloto a mfumu popanda chilolezo. A Tionabwino anafunsa kuti alonda a pakhomo anali kuti, ndipo mkulu wa asilikali anapempha kuti mfundoyo ichotsedwe. Nduna ina inati theka la lotolo likhale la mfumu, theka la mayiyo, koma anakanika kugwirizana kuti ndowa ipite kwa yani. Tsiku lachitatu mfumu inadziyang'ana pagalasi, n'kuona mpata uli pakamwa pake, ndipo mkwiyo unaposa kunyada.

"Lengezani kuti ndi zake! Dzina lake limveke m'misika yonse, achite manyazi. Gwedeza, lemba chilengezo. Ukalakwitsanso, pa bwato la ku Kuiwalika pali malo a anthu awiri."

Masiku onsewa Dokotala Nsanjama ankasungidwa m'chipinda chodikirira alendo. Gwedeza anapita kukamuona masana a tsikulo, pepala lili m'manja. Anamupeza akudya mtedza wokazinga ndi mlonda wake, akumufotokozera chifukwa chake chinangwa cha kwawo chikuola.

"Amayi," anatero Gwedeza atakhala pamphepete pa mpando, "ndabwera kudzapepesa. Wakuba uja ndine. Zaka zisanu ndi zitatu."

"Ndikudziwa, a Gwedeza. Chaka chatha tinalakwitsa kalembedwe ka mawu amodzi pa nkhani ya manyowa, ndipo mfumu inalota cholakwikacho."

Gwedeza anagwetsa nkhope. "Simunakwiye?"

"Kutenga ayi. Tinaziika poyera kuti anthu atenge. Nzeru si ndiwo zoti wina akadya zitha. Chimene chinkandiwawa n'choti mlimi akamva pawailesi n'kukhala ndi funso, alibe kokafunsa. Adzafunsa loto? Kandimverere anakanena za m'maluwa, bambo. Dzina la mwini nkhani ndi njira yobwererera kuchitsime." Anamupatsa mtedza. "Mwati mukulemba chilengezo chondichititsa manyazi. Chilembeni bwino. Malamulo aja munawaona, ali m'bokosi lachikasu."

"Ndinawaona."

"Nanga timizere ta m'munsi mwa nkhani ya nyemba ija munatiwerenga?"

"Timeneto ndimangodula."

"Katiwerengeni."

Gwedeza anatulutsa foni yake pomwepo, n'kutsegula tsambalo, n'kutsetsereka mpaka pansi. Pamwamba pa mndandanda wa mayina a amayi panalembedwa kuti: "Njira iyi si yathu. Tinaiphunzira kwa amayi ogulitsa nyemba pamsika wa Zamveka, ife tinangoiyeza kwa zaka ziwiri. Tikuthokoza makamaka Mayi Felista Gwedeza, amene anatipatsa muyezo wa kapu ndi ndowa."

Magalasi a Gwedeza anachita nkhungu. Anakumbukira kuti kalekale Felista anamuuzapo za anthu ena amene ankabwera pabenchi yake ndi timabuku, iye n'kuyankha kuti "ehe" maso ali panyuzipepala. Tsono anaba nzeru ya mkazi wake, n'kukaipereka kwa mfumu, mfumu n'kuitembenuza, alonda n'kubwera kudzalanda nyemba za mwini nzeruyo.

"Mayo ine," anatero chapansipansi.

"Idyani mtedza," anatero Dokotala Nsanjama.

Gwedeza anabwerera ku ofesi yake n'kulemba chilengezocho. Pamwamba anaika mayina onse aulemu a mfumu, mizere khumi ndi iwiri. Pansi pake analemba mutu wa nkhani ya nyemba, dzina la Dokotala Nsanjama, mayina a amayi a pamsika, ndi adiresi ya tsamba. Atafika pa lamulo lonena za kusintha, cholembera chinaima. Anaganiza za bwato la ku Kuiwalika. Anaganiza za mwana wake Lute amene anali folomu thuu. Kenako anaganiza za nsidze za Felista zili mbuu ndi phulusa, ndipo analemba kuti: "Manambala a patsambali ndi kapu ya phulusa pa ndowa ya nyemba. Anatembenuzidwa kunyumba yachifumu."

A Tionabwino anachiwerenga chonse, n'kumuyang'ana Gwedeza pamwamba pa magalasi awo. "Umboni wokwanira," anatero, n'kudinda chidindo. Mfumu inawerenga mizere khumi ndi iwiri ya pamwamba ija, inaona kuti palibe dzina lake limene lasiyidwa, n'kusaina.

M'mawa mwake galimoto ya chimkuzamawu inaima pakati pa msika wa Zamveka. Gwedeza anaima kumbuyo kwa mulu wa kabichi, chipewa atachitsitsira kumaso. Wolengeza anawerenga mayina a mfumu, anthu akupitiriza malonda awo. Anatchula Dokotala Nsanjama, anthu anatukula mitu. Anatchula amayi a nyemba mmodzimmodzi, ndipo pabenchi ya nyemba panabuka nthungululu. Kenako anawerenga adiresi mwamphamvu ngati akulengeza nkhondo:

"Fufuzani! Kadontho! Nda!"

Mafoni anatuluka m'matumba, m'mipango ndi m'mabulauzi. Amene analibe anaunjikana pamapewa a anzawo. A Jekapu anakwera pampando wa makina awo osokera n'kuwerenga mokweza nkhani yonse, kuyambira pamwamba mpaka pansi.

"Kapu ya phulusa, ndowa ya nyemba," anatero pomaliza. "Abale anga, nkhaniyi inali bwinobwino pochoka kwawo. Inagwa m'galimoto panjira."

"Ndiye matumba athu?" anafunsa Felista.

"Tiyeni tikawafunse."

Msika wonse unanyamuka kulunjika kunyumba yachifumu, amayi atanyamula sefa ndi malichero. Gwedeza anathamanga njira yachidule, n'kukafika mfumu ili pawindo ikusuzumira chikhamu chimene chinkakwera mtunda.

"Akubwera kudzatani?" inafunsa mfumu, mluzu uja ukunjenjemera.

A Mtamandeni anali atayamba kale kuyang'ana khomo la kuseri.

Koma anthu a ku Ndanenandine mfumu yawo ankaidziwa bwino kuposa mmene inkadzidziwira yokha. Atafika pachipata, a Jekapu anayambitsa nyimbo, amayi n'kuvomera akuomba malichero:

"Mfumu yathu yanena zoona,
yatchula mwini nkhani!
Mafumu ena amangotola,
yathu yatchula mwini!"

Mfumu inatchera khutu. Pa zaka zonse za ufumu wake inali isanamvepo anthu akuiimbira popanda a Mtamandeni kuyambitsa. Nyimboyo inali ndi kakomedwe kena. Inatuluka pakhonde la m'mwamba, n'kuchotsa mpango pakamwa, n'kumwetulira ndi mpata wake womwewo, ndipo chikhamu chinaphulika ndi chisangalalo.

Itabwerera m'kati maso ake ankanyezimira. "Gwedeza, chinthu chimene ndachitachi amachitcha chiyani?"

"Kutchula gwero, Mwinidziko."

"Ilipo mfumu ina inachitapo?"

"M'dziko lino ayi, Mwinidziko."

"Ndiye ndayambitsa ine! Masulani mayi uja. Bwezani nyemba za anthu. Alonda a Phulusa akabzale mitengo ya mango." Kenako inakhudza mpata uja pakamwa pake. "Koma dzino langa lilipobe mlandu. Amene ananena za ndowa ndani? Nditchulire gwero."

Gwedeza anakonza magalasi ake. "Malinga ndi a Mtamandeni, Lachitatu lija, Tsiku la Zokolola lisanafike, m'chipinda chobiriwira, pamaso pa Mwinidziko."

Sabata yomweyo a Mtamandeni anakwezedwa pantchito kukhala kazembe wa dziko ku chilumba cha Kuiwalika. Padoko panalibe wowaombera m'manja, choncho anadziombera okha.

Mfumu Chiyambakale sinkadziwa kuchita chinthu pang'ono. Inalamula kuti kuyambira tsiku limenelo munthu aliyense m'dziko, polankhula chilichonse, azitchula kumene wachitenga. Dokotala Nsanjama anayesa kufotokoza kuti malamulo ake ankanena za zolembedwa za patsamba zokha, koma mfumu inamuyankha mokoma mtima kuti akatswiri amaganiza ndi kapu.

Pamsika lamuloli analilandira ndi manja awiri.

"Mwadzuka bwanji, a Jekapu?"

"Ndadzuka bwino, malinga ndi ine mwini. Msana wanga uli ndi maganizo ena."

Wogulitsa nsomba akati "zalero izi," makasitomala ankafunsa kuti malinga ndi yani, iye kapena ntchentche. Alaliki sanavutike, chifukwa iwo anazolowera kale kutchula chaputala ndi ndime. Amene anavutika anali amiseche. Mawu oti "akuti" anafa imfa yadzidzidzi, ndipo kwa mwezi wathunthu pamjigo pankangomveka phokoso la madzi. Nduna nazo zinachepetsa zolankhula. Ya Misewu Yolonjezedwa itanena kuti msewu wa ku Musafunse watha, munthu wina kumbuyo anafunsa kuti, "Malinga ndi yani?" ndipo ndunayo inadwala mutu mpaka msonkhano unatha.

Lamulolo silinakhalitse. Malamulo a ku Ndanenandine ali ngati chimfine, amabwera mwamphamvu n'kuchoka okha. Koma anthu anali atadziwa njira ya ku tsamba la Fufuzani, ndipo chizolowezi chofunsa kuti "wanena ndani" chinakana kuchoka.

Ofesi ya Maloto inatsekedwa. Gwedeza anaisiya osalira, ndipo anapatsidwa udindo watsopano wa Mlembi wa Mizere ya M'munsi. Mfumu inali itazindikira kuti ikatchula dzina la munthu, mudzi wonse wa munthuyo umaimba nthungululu, choncho inkafuna mayina ambiri m'zolankhula zake. Gwedeza ankayenda m'midzi ndi kabuku, kufunsa alimi, asodzi ndi azamba kuti atsimikize mayina awo.

Chaka chitazungulira, Tsiku la Zokolola litayandikanso, mfumu inafuna kulankhula za nyemba, ulendo uno ndi manambala olondola. Loweruka masana Gwedeza anapita pabenchi ya mkazi wake atavala jekete, kabuku kali m'manja. Anadikira kuti makasitomala athe, n'kuvula chipewa.

"Mayi a Lute, ndabwera mwa ntchito."

"Nenani, bwana mlembi."

"Mwinidziko akufuna kugwiritsa ntchito nzeru yanu Lachisanu, pamaso pa dziko lonse. Malamulo sakundikakamiza kupempha. Koma ndati ndipemphe."

Felista anapitiriza kupeta nyemba kwa kanthawi, a Jekapu ataimitsa makina awo kuti amve bwino.

"Tengani mwaulere," anatero. "Mwalemba dzina lanji?"

Gwedeza anamuonetsa kabukuko. "Mayi Felista Gwedeza."

"Fufutani."

"Ndifufute?"

"Phulusa ndinaphunzira ndili kwathu, inu musanabwere ndi njinga yanu yobwereka ija kudzandifunsira. Gwedeza ndi dzina lanu, bambo a Lute, ndipo pa nkhani ya nyembayi a Gwedeza tinaona ntchito yawo. Lembani Felista Kambalame. A Dokotala aja mukawauzenso akonze patsamba pawo."

A Jekapu anaseka mpaka anagwetsa sizasi, osayang'ana n'komwe kumbuyo. Gwedeza anatsamira pabenchi, n'kufufuta bwinobwino, n'kulemba dzinalo m'zilembo zikuluzikulu. Anatembenuza kabukuko kuti mwini wake aone.

Felista anapukuta manja pachitenje, n'kuwerenga chilembo chimodzichimodzi.

"Eya," anatero. "Tsopano nyamulani thumba ilo, bwana mlembi. Kunyumba kulibe ndiwo."